Gawo loyimba la Star Trek: tilionere kapena tilidumphe?

Wapaboma

Moni nonse. Funso langa likupita kwa inu amene mumatsatira Star Trek: Strange New Worlds, sewero lija la pa TV la anthu oyenda m'mlengalenga pa chombo. Kagulu kathu ka pa Boma kamaonera gawo limodzi Loweruka lililonse madzulo, ndipo tangomaliza gawo 8 la sizoni yachiwiri. Lotsatira ndi lija loti anthu a m'chombo cha Enterprise amayimba, ndiye mkangano wabuka tisanaliyike n'komwe. Ena akuti tilidumphe, ndi zachibwana. Ena akuti ndilo lokoma kuposa onse. Pa intaneti nakonso anthu anagawikana chimodzimodzi. Chinawagawa n'chiyani kwenikweni? Tikalidumpha titaya chiyani? Nanga tikati tionere, tikonze bwanji kuti amene Chingerezi cha m'nyimbo chimawadutsa asatsalire? Timakhalapo anthu pafupifupi 15. Tili ndi TV ya mainchesi 32, laputopu, ampulifaya ndi masipika awiri, m'nyumba ya malata yopanda siling'i. Ululani zonse musaope, womasulira ndine.

Mayi wa ku Malindi

Achimwene, musalidumphe. Ndiyambe ndi zimene mungataye, chifukwa mkangano wanuwo uthera pamenepo.

Gawoli dzina lake ndi "Subspace Rhapsody", linatuluka pa 3 Ogasiti 2023, ndipo ndi loyamba kupangidwa ngati sewero la nyimbo chiyambire Star Trek mu 1966. Muli nyimbo zatsopano 9 zimene anapeka Kay Hanley ndi Tom Polce, ndipo kujambula anatsogolera ndi Dermott Downs, yemwe anali atapangapo kale gawo loyimba la The Flash mu 2017. Limatenga pafupifupi ola limodzi.

Nkhani imayamba chonchi. Chombo chapeza mng'alu m'mlengalenga umene Spock, katswiri wa sayansi m'chombomo, akukhulupirira kuti ungafulumizitse mauthenga. Atumizamo mauthenga, zii. Pelia, injiniya wamkulu uja, akuti yesani nyimbo. Uhura, woyang'anira mauthenga, atumiza nyimbo yakale ya Cole Porter, mng'aluwo n'kubweza funde limene lasintha malamulo a chilengedwe m'chombomo. Lamulo latsopanolo ndi limene muyenera kuwafotokozera anzanu filimu isanayambe: munthu mtima ukamudzadza, mawu wamba amamuthera, amayamba kuyimba, ndipo chimene amayimbacho ndi chija wakhala akubisa.

Ife a kuno tisadabwe nazo. Nyimbo ya pamtondo ntchito yake ndi yomweyo. Mayi amene sangathe kuwayankha apongozi maso ndi maso amaziponya m'nyimbo, musi ukugunda, mudzi wonse n'kumva. M'nthano namonso, mbalame ikayamba kuyimba pakati pa nkhani m'pamene zimadziwika amene anapha mnzake kutchire. Palibe wofotokoza nthano amene amadumpha nyimboyo kuti afulumire. Kusiyana kwake n'kwakuti wa pamtondo amasankha yekha zoti anene, pamene a m'chombomu nyimbo ikuwatulukira asakufuna, pamaso pa akuluakulu awo a pantchito.

Tsono onani zimene zimachitikira m'nyimbomo. Chibwenzi cha Spock ndi namwino Chapel, chimene chinayamba m'gawo 5 T'Pring, amene anatomerana ndi Spock, atayimitsa chitomerocho, chimathera m'nyimbo. Chapel walandiridwa kukaphunzira kwa Dr. Roger Korby, ndipo m'malo momuuza Spock pambali, chisangalalo chikumuphulikira m'chipinda chochezera, akuvina ndi anzake, n'kuyimba poyera kuti ngati kupitako kukutanthauza kumusiya Spock, amusiya. Spock ali chilili pomwepo akumva. Nyimbo yotsatira ndi ya Spock, ndipo maimbidwe ake ndi omwe aja a Chapel koma atawazizira, pang'onopang'ono, mawu ali pansi. Akuti ndinalakwa kutsegula mtima, ndibwerera ku nzeru zokha. Spock wouma nkhope amene anthu anamudziwa mu 1966 akuyambira pamenepa, poti nkhani ya pulogalamuyi ikuchitika ija ya 1966 isanayambe. Mukadumpha, m'gawo 10 muwapeza awiriwa atatalikirana osadziwa chinachitika.

Chachiwiri ndi La'an, mkulu wa chitetezo m'chombomo. M'gawo 3 anabwerera m'mbuyo m'nthawi, ku Toronto, ndi Kirk wa dziko lina (osati weniweni uja amene adzakhale kaputeni wa Enterprise), anamukonda, Kirk uja n'kufera m'manja mwake, ndipo analamulidwa kuti asauze munthu. Pano Kirk weniweni wabwera m'chombo. La'an akuopa kuti nyimbo imuulula, ndiye asankha kunena yekha ndi pakamwa isanamutulukire. Kirk akumuyankha kuti ali ndi mkazi wina, Carol, ndipo ndi woyembekezera. Amene anaonera filimu ya Star Trek ya 1982 ija ya Khan akudziwa kuti mwanayo ndi David. Malo amenewa alibe nyimbo n'komwe, koma nyimbo ndi imene yawakankhira pamenepo.

Chachitatu ndi Uhura, amene makolo ake ndi mchimwene wake anafa pangozi, kenako mphunzitsi wake Hemmer n'kufanso kumapeto kwa sizoni yoyamba. Nyimbo yake ndi imene imamuonetsa kuti ntchito yake yolumikiza anthu si yaing'ono, ndipo ndiye amatulukira kuti chombo chonse chikayimbira pamodzi mng'aluwo utsekeka. Kaputeni Pike, mtsogoleri wa Enterprise, ndi bwenzi lake Kaputeni Batel nawo amakangana m'nyimbo za ulendo wokapuma, antchito onse a m'chipinda chowongolera chombo akumvetsera mpaka La'an adula foniyo. Sungani zimenezo, chifukwa gawo 10 likumuyika Batel pakamwa pa a Gorn, zolengedwa zolusa zonga abuluzi.

Wa ku Monkey Bay

Mayi afotokoza bwino, koma amene anadana nalo gawoli sanali ouma mitu chabe. Zifukwa zawo zilipo ndipo zina ndimagwirizana nazo.

Chachikulu ndi malo amene analiyika. Mwangoonera gawo 8, la mabala a nkhondo ya a Klingon, mtundu wa ankhondo a dziko lina, Dr. M'Benga ali ndi mpeni, kazembe wafa m'chipinda cha odwala. Munthu umachoka pamenepo mtima uli mwaa. Sabata yotsatira anthu omwewo akuvina m'makonde, sabata inayo akudyedwa ndi a Gorn. Ndiye kumbukirani kuti gawo 5 linali loseketsa, ndipo gawo 7 linabweretsa anthu a m'katuni ya Lower Decks. Kale Star Trek ina, The Next Generation, imakhala ndi magawo 26 pafupifupi sizoni iliyonse, ndiye limodzi likakhala lamasewera silimapweteka. Sizoni imeneyi ili ndi magawo 10 okha. Atatu akapita ku nthabwala ndi nyimbo, wofuna kuona maiko achilendo, monga dzina la pulogalamuyo likulonjezera, amamva kuti wamanidwa.

Chachiwiri ndi mawu. Osewerawo anayimba okha, koma sali pamlingo umodzi. Celia Rose Gooding, amene amasewera Uhura, anachokera ku Broadway, kuchimake kwa masewero a nyimbo ku New York, ndipo ali ndi mphotho ya Grammy ya chimbale cha sewero limene anayimbamo. Christina Chong, La'an uja, ndi woyimba ndithu, anatulutsanso nyimbo zakezake chaka chomwecho. Awiriwa akatsegula pakamwa umamva kuti awa ndi eni ake. Enawo mawu awo amamveka kuti kompyuta yawasalaza, makamaka pamene mawu akukoka nthawi yaitali osagwedezeka ngakhale pang'ono, ndipo khutu lozolowera kwaya ya kutchalitchi kapena sikiri limazindikira msanga. Ortegas ndi M'Benga sanapatsidwe nyimbo yawoyawo, amangoponyamo mizere ingapo.

Chachitatu ndi a Klingon. M'nyimbo yomaliza akuonekera pa sikirini atakwiya, kenako n'kuyamba kuvina ngati gulu la anyamata a K-pop. Okonda Star Trek akale amadziwa kuti a Klingon ali ndi opera yawo, imene Worf, m'Klingon wa mu The Next Generation, amaikonda, ndiye ambiri amayembekezera imeneyo. Opanga anajambula mitundu yonse iwiri n'kusankha ya anyamatayo. Ena amaseka mpaka misozi, ena m'pamene anazimitsira TV. Mtsogoleri wa a Klingon amenewo ndi Bruce Horak, yemwe uja amasewera Hemmer, atangomusintha nkhope.

Palinso ichi: gawoli linatuluka osewera a ku America ali pa sitalaka imene inayamba pa 14 Julayi 2023, ndiye sakanatha kuyenda m'mawayilesi kulifotokoza. Anthu anatsala akukangana okha, ambiri akuliyerekeza ndi gawo loyimba la 2001 la pulogalamu ina ya pa TV yotchedwa Buffy, limene mpaka pano ndilo muyezo wa zoterezi.

Maganizo anga: lionereni, koma osati sabata yotsatana ndi gawo 8. Pumulani Loweruka limodzi, kapena bwerezani gawo 3 kuti nkhani ya La'an ikhale yatsopano m'mitu.

Mayi wa ku Malindi

Achimwene a ku Monkey Bay, za malo ndi za mawu osalazidwa ndavomera. Zobwereza gawo 3 ndi nzeru yabwino kwambiri. Koma amene amati kuyimba si Star Trek ayenera kukumbutsidwa kuti Nichelle Nichols, Uhura woyamba, anayimba m'chombomo kale mu 1966, Spock akumuyimbira zeze wa kwawo. M'ma Star Trek ena namonso, mu Deep Space Nine munali woyimba Vic Fontaine, mu Voyager dokotala amayimba opera. Chatsopano apa n'chakuti nyimbo yasenza nkhani yonse. Ndiponso gawoli linafika pa mndandanda womaliza wa mphotho ya Hugo mu 2024, imene amavota ndi okonda nkhani za sayansi eni ake. Silinapambane, koma likanakhala lonyansa kwa ambiri silikanafika pamenepo.

Fundi wa pa M'baluku

Za nkhani ndasiyira akuluakuluwa. Ine ndinene za zida, chifukwa gawo loyimba limaulula zolakwika zimene magawo ena amabisa. Anthu akamalankhula, mawu akachedwa pang'ono palibe amadandaula. Akamayimba, maso onse amakhala pamilomo.

Yambani ndi mawu. Mafilimu otere amabwera ndi mawu a njira 6, aja amati 5.1: kumanzere, kumanja, pakati, awiri a kumbuyo ndi ya mabesi. Mawu a munthu wolankhula amakhala kwambiri m'njira ya pakati. Inu muli ndi masipika awiri. Laputopu ikamatulutsa 5.1 koma ampulifaya ikulandira kumanzere ndi kumanja kokha, mumva zoyimbira zili gu gu gu koma woyimbayo ali kutali ngati ali kutsidya la Shire. Anthu amakweza voliyumu, zoyimbira n'kuboola makutu, mawu osabwerabe. Vuto si voliyumu. Mu VLC, pulogalamu yoonetsera mafilimu pa laputopu, pitani pa Audio musankhe Stereo, ndipo ngati mawu akudutsira mu TV, pa zosankha za mawu ikani PCM, osati Bitstream kapena Auto. Mukatero njira ya pakati imagawidwa ku masipika onse awiri.

Musagwiritse Bluetooth tsiku limeneli. Imachedwetsa mawu ndi mamilisekondi 100 mpaka 300 kutengera chida, pamene munthu amayamba kuona kuti milomo ndi mawu zasiyana kuchedwako kukangopitirira pang'ono 100. Tengani waya wa jaki ya 3.5 mm mbali imodzi, mitu iwiri yofiira ndi yoyera mbali inayo. Koma dziwani kuti waya ukachoka pa laputopu molunjika ku ampulifaya, chithunzi chikudutsira pa HDMI, mawu amatha kutsogola chifukwa TV imatenga kanthawi kukonza chithunzi. Kutsogolako kumasokoneza kuposa kuchedwa. Njira ziwiri: tengani mawu kuchokera pa TV penipeni ngati ili ndi potulutsira, kapena mu VLC dinani J kapena K, kudina kumodzi kumasuntha mawu ndi mamilisekondi 50. Yeserani pa nyimbo yoyamba, pamene Spock akuyamba kupereka lipoti moyimba. Yang'anani zilembo zotseka milomo, p, b ndi m. Milomo ikatsekeka nthawi imodzi ndi phokoso lake, mwakhoza, musakhudzenso.

Mukaona kuti malo ena milomo ikuphonyabe pang'ono pamene ena onse ali bwino, zisiyeni. Nyimbozi amayamba kuzijambula mu situdiyo, kenako pojambula zithunzi amaziliza pa sipika osewera n'kumatsatira. Kaphonyedwe kakang'ono kotero n'ka m'filimu momwemo.

Nyumba ya malata yopanda siling'i imabweza mawu, ndipo chimene chimafa ndi zilembo zakumapeto kwa mawu, zomwe m'Chingerezi zimasenza tanthauzo. Pachikani mikeka kapena mabulangete awiri atatu kukhoma la kumbuyo kwa anthu, lina kukhoma la m'mbali ngati ndi la pulasitala. Masipika akhale mbali ziwiri za TV, motalikirana mamita awiri, pa msinkhu wa makutu a munthu wokhala pansi, osati pasimenti kapena pakona chifukwa pakona mabesi amafufuma. Pa ampulifaya tsitsani bass kufika pakati kapena kucheperapo, treble mukweze pang'ono, ndipo ngati pali echo ya maikolofoni itsekeni. Kutentha kwa kuno fani siingazimitsidwe, koma iyikeni kumbuyo kwa anthu, isakhale pakati pa sipika ndi makutu. Mvula ikayamba pamalata imitsani, mudikire.

Mawu olembedwa pansi aja ayeseni tsiku lisanafike, ndipo muyese malo atatu: koyambirira, pakati ndi kumapeto. Akachedwa mofanana ponseponse, G ndi H mu VLC zimawasuntha. Koma akamayamba bwino n'kumanka natalikira, ndiye kuti anakonzera filimu ya zithunzi 25 pa sekondi pamene yanu ndi ya 23.976. Kusiyana kumeneko kumafika mphindi ziwiri ndi theka pakutha pa ola, ndipo kudina G sikungathandize, pezani ena ogwirizana ndi filimu yanu. Onetsetsaninso kuti mawu a nyimbo alembedwamo, chifukwa ena amangoyika kachizindikiro ka nyimbo basi. Pa TV ya mainchesi 32 kulitsani zilembo, ndipo benchi lomaliza lisapitirire mamita atatu ndi theka.

Za magetsi: batire ya sola ya 12V 100Ah imasunga mawati 1,200 a ola limodzi, koma ya asidi musaitsitse kupitirira theka, ndiye muwerengere 600. TV yotere imadya mawati 50 kapena kucheperapo, ampulifaya ya m'nyumba pa voliyumu yabwino pafupifupi chimodzimodzi, laputopu ikhale pa batire yake. Ngakhale muchotsepo zimene inverter imataya, maola anayi mukwanitsa. Inverter yotchipa imalowetsa kulira kwa nzzz m'masipika. Mukakumva, ngati chaja ya laputopu ili yolumikiza ichotseni kaye, nthawi zambiri kumathera pomwepo.

Ngati mudzayambe kulipiritsa pakhomo, imeneyo ndi nkhani ina, pamafunika chilolezo, mufunse a COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo ndi zaluso.

Wapaboma

Zikomo a fundi, za Stereo zija sindimazidziwa. Mayi, nanga kumasulira? Masiku onse ndimatsitsa voliyumu n'kulankhula pamwamba pa osewera. Pa nyimbo nditani?

Mayi wa ku Malindi

Pamwamba pa nyimbo musalankhule, achimwene. Mukatero anthu samva inu, samvanso nyimbo, ndipo amene amati tidumphe aja apambana. Onerani nokha kaye ndi pepala, mulembe mphindi imene nyimbo iliyonse ikuyambira. Chizindikiro chake n'chakuti zoyimbira zimayamba pansipansi munthu akadalankhula. Imitsani zisanayambe, nenani ziganizo ziwiri kapena zitatu: akuyimba ndani, akuyimbira ndani, akuulula chiyani. Kenako siyani nyimbo ithe yonse.

Si zonse 9 zofunika kuyimitsa. Yoyamba ndi malipoti a ntchito chabe, anthu akudabwa kuti bwanji tikuyimba, ndipo nkhope zawo zikunena zonse. Yomaliza ndi ya chombo chonse, iloleni iyende, a Klingon aja awadzidzimutse okha, musawaulule. Ya Una ndi Kirk chiganizo chimodzi chikwana: Una, wachiwiri kwa Kaputeni Pike, akumulangiza Kirk kuti mtsogoleri asadzitalikitse kwa anthu ake. Ya Pike ndi Batel ingonenani kuti ndi mkangano wa m'nyumba umene watulukira pabwalo. Zofuna nthawi ndi zisanu: ya La'an ali yekha m'chipinda, ya Una akulangiza La'an, ya Chapel, ya Spock ndi ya Uhura. Pa ya Una akumbutseni gawo 2, mlandu wake wobisa mtundu wake, chifukwa akamati kusunga zinsinsi kunandipulumutsa koma kunandisiya ndekha, akunena zimene zinamufikitsa m'khothi. M'nyimbo imeneyo amazimitsa mphamvu yokokera zinthu pansi, awiriwo n'kumayandama, ndiye anthu asaganize kuti ndi maloto.

Yovuta kwambiri ndi ya Spock. Mutu wake ndi "I'm the X", ndipo muli mawu amodzi a matanthauzo awiri amene Chichewa sichingawanyamule pamodzi. X ndi chilembo chija cha m'masamu, nambala yosadziwika imene mwana wa Fomu 1 amaifunafuna. Katchulidwe komweko m'Chingerezi ndi chibwenzi chakale, chimene achinyamata a kuno amati eksi. Spock akuyesa kuwerengera chibwenzi chake ngati samu, n'kupeza kuti yankho lake ndi iye mwini, wosiyidwayo. Lembani X wamkulu papepala, muwaonetse, munene matanthauzo onse awiri, kenako muwauze kuti amvetsere ngati maimbidwewo sanawamvepo mphindi zochepa zapitazo. Ena azindikira okha kuti ndi a Chapel aja.

Pa Uhura onjezani kuti kwawo ndi ku Kenya, dzina lake loyamba ndi Nyota, nyenyezi m'Chiswahili, ndipo Uhura linachokera ku uhuru. Kuno ku Mangochi odziwa Chiswahili sasowa, wina pagulupo amasulira yekha musanamalize.

Kuyimitsa konseko kuwonjezera mphindi 10 kapena 15, ndiye konzekerani ola ndi kota. Yambani swala ya magharibi itatha kuti anzanu achisilamu asatuluke pakati, chifukwa nyimbo ya Chapel ndi ya Spock ziyenera kuonedwa motsatana, popanda kupuma pakati pake kupatula mawu anu a X aja.